Thovu la Mowa wa Laimoni

Kumtunda kwa Magaleta, kumene mseu umatopa n'kusanduka kanjira ka ng'ombe, kunkakhala mayi wina wofulula mowa. Dzina lawo la ubatizo linali Yunike, koma anthu ankangoti a Nangondo, moti ana ambiri anakula osadziwa n'komwe kuti mayiwo ali ndi dzina lina. Anali amfupi, a mapewa otambalala, ndipo maso awo ankakhala ofiira chaka chonse chifukwa cha utsi. Amuna awo anabwera kuchokera ku Joni ali ndi chifuwa chosamva mankhwala, nakhala dzinja limodzi, namwalira. Maliro anayenda bwino, mowa wothetsa maliro unafululidwa, a Nangondo anametedwa n'kusudzulidwa monga mwa mwambo, ndipo anabwerera kwawo ndi kamwana kakakazi kumsana. Sanakwatiwenso. Ankati mgolo wa mowa nawo ndi mwamuna: umafuna nkhuni, umafuna kuusamalira, ndipo ukaunyalanyaza umakuchititsa manyazi pagulu.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa mayi awo, amene anamwalira a Nangondo asanakhwime bwino, n'kuwasiyira mbiya ziwiri ndi mlongo wawo wamng'ono, Laimoni, woti amulere. Mowa wa masese aliyense m'mudzimo ankadziwa kafululidwe kake: kunyika mawere mpaka amere chimera, kuphika phala lamadzimadzi, kulisiya lizizire, kuthira chimera, kudikira lisase, kenaka kulibwezeranso pamoto kuti liwire kwa nthawi yaitali. Pamene a Nangondo ankasiyanirana ndi anzawo panali pa kuwiritsa kwachiwiriko. Amayi ena ankasonkheza moto n'kupita kukatunga madzi kapena kukacheza. Iwo ayi. Ankaima pamgolo ndi chipande chakuda chamtengo, n'kumayengula thovu lililonse likangotukuka.

Thovu limabwera mitundu iwiri. Loyamba limakhala lotuwa, lodzaza gaga, mwaye ndi tizitsotso, ndipo ukalisiya libwerere pansi, mowa umawawa kukhosi, womwa n'kudzuka mutu ukung'ambika. Limenelo ankatayira nkhumba. Likatha limenelo pamabwera lina loyera, lopepuka, lotsekemera pang'ono ngati thobwa. Limenelo ankaliika m'phale pambali pa mafuwa, ndipo mwini wake anali Laimoni. Kuyambira ali mwana mpaka atamera ndevu, tsiku lowiritsa ankapezeka atanjuta kum'mawa kwa mgolo, akukombeza phalelo ndi zala ziwiri za dzanja lamanzere. Anali wamanzere wosachiritsika. Aphunzitsi anathyolera timitengo tambiri pa dzanja limenelo mpaka anangomuleka. Ngakhale mizere yake m'munda inkadziwika, chifukwa dothi ankaponyera mbali yosiyana ndi anthu onse, mzere n'kutsamira ngati wakwiyira anzake.

Laimoni anakula kukhala munthu wa nthabwala, wosatha kusunga mawu m'kamwa. Anali ndi dzanja labwino pa mitengo ya manachesi, ndipo nyengo yake ikafika ankalongedza madengu, kukwera lole kutsikira ku Zalewa kukagulitsa kwa anthu a m'mabasi. Kumeneko n'kumene anapeza mkazi, Stelia wa ku Matope, mwana wa m'mbali mwa Shire, n'kumutengera kumapiri. Stelia sanazolowere kuzizira. Mwezi wa Juni ankayenda atadzikulunga nsalu ziwiri, akudandaula kuti dziko lopanda nsomba si dziko. Koma iye ndi a Nangondo anagwirizana, ndipo posakhalitsa anakhala wosonkheza moto tsiku lowiritsa.

Zinali zaka zimene munthu sankakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi la chipani. Patapita nthawi pang'ono ndalama zitasintha kukhala makwacha, Laimoni anabwera kuchokera ku Zalewa ndi nkhani. Anati anyamata ofunsa makadi anakhuthula dengu la mkulu wina amene anaiwala khadi lake kunyumba, manachesi n'kumwazikana mumsewu. Iye powatola anafunsa anyamatawo ngati manachesiwo nawonso ayenera kugula makadi asanaloledwe kukhala m'dengu. Anthu a pamsewu anaseka. Nkhaniyi anaifotokozanso pabwalo la a Nangondo, mowa uli pakati, ndipo naponso anthu anaseka, ena akuyang'ana pansi. Pagulupo panali Kalisto, mnzake wa Laimoni wa paubwana, amene anali atangosankhidwa kumene kukhala tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo. Iye sanaseke.

Galimoto inabwera masana, dzuwa lili paliwombo, tsiku lowiritsa. A Nangondo anaimva ikulira m'chitunda, anaiona ikuima kumene mseu umathera, amuna atatu n'kutsika kuyenda wapansi. Sanafunse njira kwa aliyense. Laimoni anali atanjuta pamalo pake, zala zili m'phale. Anamuuza kuti akufunika kukayankha mafunso ochepa ndipo abwera madzulo. Anapukuta zala pa kabudula, nayang'ana mlongo wake, nati asamutayire thovu lake. A Nangondo anangoima chipande chili m'manja, osadziwa kuti mgolo wasefukira, mpaka thovu linatsikira pamoto n'kuuzimitsa. Mowa umenewo unawonongeka wonse.

Madzulo sanabwere. Mwezi unatha, dzinja linadza n'kupita. Kalisto anafika tsiku lina n'kuwauza motsitsa mawu kuti asayerekeze kupita kukafunsa kulikonse, chifukwa wofunsa naye amafunsidwa. Dzina la Laimoni linazimirira m'kamwa mwa anthu. Pofuna kutchula munda wake ankati munda wa kumtsinje uja. Pofuna kutchula mkazi wake ankati mayi wa ku Matope uja. Amayi amene kale ankadzapempha moto kwa Stelia anayamba kulambalala nyumba yake. Iye sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye. Kwawo sakanabwerera, chifukwa palibe anamusudzula, ndipo mwana analibe woti n'kumutangwanitsa. Ankangosesa pabwalo, kupalira manachesi, n'kumaphika chakudya cha anthu awiri.

A Nangondo anapitiriza kufulula, pakuti m'menemo ndi mmene munkachokera mchere ndi sopo. Koma pabwalo pawo anthu anayamba kumwa mwakachetechete, aliyense akuyeza mnzake ndi diso. Iwo eni ankadzifunsa ngati mawu amene anatengetsa mlongo wawo anachokera ku Zalewa kapena pabwalo pawo pomwepo, pakati pa anthu amene ankawapatsa chipanda ndi manja awiri. Yankho sanalipeze.

Patapita zaka zingapo, m'mawa wina wa mwezi wa Meyi, panafika mlendo. Anali wowonda kwambiri, tsitsi lothothoka, mapazi otupa, ndipo ankayenda ngati munthu woiwala kayendedwe ka pabwalo. Anapempha thobwa, nakhala pamwala. Atamwa anati dzina lake ndi Ezekiele, kwawo n'kutsidya kwa Lisungwi, ndipo wangotuluka kumene kumalo kumene anthu salankhula za iko. Kenaka anafunsa ngati pano ndi pakwawo pa munthu wamanzere wogulitsa manachesi.

A Nangondo anayang'ana uku ndi uku asanavomere. Stelia anali ataima pakhomo ndi lichero.

Mlendoyo anati anagona chipinda chimodzi ndi Laimoni nthawi yaitali, ndipo ndi iye amene ankawaseketsa onse m'menemo. Kenaka anadwala m'mimba, nafooka, mpaka analeka kulankhula. Tsiku lina anamunyamula m'bulangeti kutuluka naye.

"Mtembo sindinauone, mayi, ndisakunamizeni," anatero. "Chimene ndinaona n'chakuti bulangetilo linabwerera lokha, n'kupatsidwa kwa wina. Musamamusungirenso chakudya."

Anakana kugona, anakana ngakhale kudikira kuti amuphikire. Anatsetsereka ndi kanjira komwe anadzera, ndipo sanaonekenso.

A Nangondo anapita kwa amalume awo kukawauza kuti pafunika mowa wothetsa maliro, kuti mzimu wa mwana wawo ugone ndiponso kuti Stelia, mwana wa eni ake, amasulidwe. Amalumewo anatseka chitseko asanayankhe. Anati kulira munthu amene boma silinanene kuti wafa n'chimodzimodzi kuloza boma chala, ndipo iwo akalamba, sangathe kugona pasimenti. A Nangondo anabwerako osatsutsa. M'njira anadutsa pamunda wa Laimoni, mapesi ali chiimire, udzu utafika m'chiuno. Masiku amenewo alangizi ankalimbikitsa anthu kukwirira mapesi msanga, chisanu chisanathe. Pofika kunyumba anali ataganiza kale. Anauza Stelia kuti anyike mawere, ndipo alengeze m'mudzi kuti kukhala dima, anthu adzathandize kulima munda wa kumtsinje uja, mowa udzakhalapo.

Palibe amene anauzidwa kuti mowawo ndi wa chiyani. Komabe mawere anayamba kubwera okha. Stelia ankati akadzuka n'kupeza kambale pakhonde, tsiku lina kadengu, wopereka osadziwika.

Tsiku lowiritsa kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika m'phiri n'kukuta mudzi wonse, kamvula kosamveka kugwa kakunyowetsa chilichonse. Munthu ataima pamgolo sankaona nkhokwe imene inali pafupi pomwepo. Tambala ankalira ngati ali kutsidya la mtsinje. Stelia anasonkheza moto, a Nangondo anatenga chipande chawo, nkhumba atazitsekera m'khola kuti zisasokoneze.

Thovu lotuwa linabwera monga mwa masiku onse, analiyengula n'kulithira m'chidebe. Litayamba loyera, a Nangondo anaona kuti silikutukuka pakati pa mgolo monga limachitira. Linkasonkhana mbali imodzi, ya kum'mawa, n'kumakwera m'mphepete ngati mwana wosuzumira pazenera. Anaganiza kuti moto wakula mbali ina. Anauza Stelia kuti asunthe nkhuni, ndipo anasuntha. Anavundula ndi mthiko mpaka thovu linabalalika. Atangochotsa mthiko, linayambanso kuyenda pang'onopang'ono, lonse, kubwerera kum'mawa. Mphepo kunalibe. Utsi unkakwera chilili n'kukalowa m'nkhungu.

Chiyambire tsiku la galimoto lija, thovu loyera ankangolithira kwa nkhumba pamodzi ndi linzake. Tsiku limeneli dzanja lawo linachita zimene linazolowera kale. Anatola phale limene linali pansi pa nkhokwe, naliika pambali pa mafuwa, nalidzaza. Anatembenuka kuyengula lina. Pobwera nacho chipande chachiwiri anapeza phale lili mbee.

Anaima. Nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe chifukwa cha kamvulako, galu analibe. Anadziuza kuti thovu ndi mpweya chabe, limaphwa lokha. Anathiranso, ndipo ulendo uno anachedwa dala kutembenuka, akuyang'ana m'mgolo, makutu ali kumbuyo. Sanamve phazi kapena mpweya wa munthu. Anangomva fungo la khoko la nachesi, lakuthwa, ngati wina wangolisenda kumene pafupi ndi phewa lawo. Inali nyengo ya manachesi, mudzi wonse unkanunkhira choncho, ndipo anadziuzanso zimenezo.

Stelia ndiye anayamba kuona. Anali atagwada akukankha chikuni, ndipo anangokhala pansi m'matope, maso ali paphale. Linali lopanda kanthu kachiwiri, koma pansi pake panatsala timizere tiwiri toyandikana, topita mozungulira, monga zimasiyira zala zikakombeza.

"Alamu," anatero Stelia, mawu ali pansi. "Mwaona?"

"Ndaona. Sonkhezani moto."

Mowa unali pakati pa kuwira ndipo a Nangondo sakanausiya. Anadzazanso phale kachitatu, nayang'ana m'nkhungu mbali ya kum'mawa, pamene panalibe chilichonse koma udzu wonyowa, nalankhula monga ankalankhulira ndi mwana amene anamulera.

"Ngati ndiwe, idya. Koma usandizimitsire moto ngati tsiku lija."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa, limene sanalione tsiku lonse, linapendeka. Phale analidzaza kambirimbiri, ndipo sanaliyang'anenso. Thovu litatha anaphula moto, naphimba mgolo. Stelia anakagona kwa a Nangondo masiku onse otsalawo, mpaka mowa unapsa n'kukunthidwa.

Chiperoni sichinachoke. M'mawa wa dima anthu anayamba kutulukira m'nkhungu mmodzimmodzi, makasu ali paphewa, ndipo anachuluka kuposa amene anaitanidwa. Kunabwera ngakhale a mpingo wa Sabata, anthu osayandikira mowa, amene sanapondepo pa dima la masese chibadwire. Amalume aja anabwera ndi ndodo yawo, nakhala pachulu. Amayi onse anali atamanga mipango kumutu. Dima limayenda ndi nyimbo ndi matukwano oseka, koma tsiku limenelo panalibe woyambitsa nyimbo. Pomalizira anafika Kalisto, baji ya chipani ili pachifuwa. Anthu anayang'anana. Iye anapereka moni kwa a Nangondo mwaulemu, nakatenga malo kumapeto kwenikweni kwa mndandanda wa olima, chakumalire, kufupi ndi mtsinje.

A Nangondo ankayenda kumbuyo kwa olimawo ndi ndowa ya thobwa. Munthu aliyense ankaona mnzake woyandikana naye yekha. Ena onse anali mithunzi ndi phokoso la makasu. Atafika kumapeto anamupeza Kalisto ataima, khasu lili m'mwamba, mutu atapendeketsa. Kupitirira iyeyo kunayenera kukhala udzu ndi mtsinje basi. Koma kumeneko kunkamveka khasu. Linkagwa mofatsa, kukoka dothi, kugwanso, pang'ono patsogolo pake, monga amachitira munthu wodziwa munda wake.

Kalisto anawafunsa monong'ona kuti amuika ndani kumalireko. A Nangondo anayankha kuti womaliza ndi iyeyo. Kalisto anaitana m'nkhungumo kuti, kodi ndani uko? Khasu linaleka. Atangoweramanso kuti alime, linayambanso.

Sanathawe. A Nangondo anakumbukira zimenezi moyo wawo wonse, kuti munthuyo analima mzere wake mpaka kumapeto, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira, osatembenuzira nkhope kumanzere ngakhale kamodzi.

Chakumasana nkhungu inang'ambika pang'ono, munda wonse n'kuonekera. Ntchito inali itatha. Kupitirira mzere wa Kalisto kunali mzere wina, watsopano, dothi lake lakuda ndi lonyowa, wochokera kumtunda mpaka kumtsinje. Unali wotsamira mbali yosiyana ndi inzake yonse. Anthu anauyang'ana, aliyense payekha, kenaka anatola makasu awo kulunjika kunyumba. Palibe anaponda pamzerewo. Ngakhale amene njira yawo yachidule inali yomweyo anazungulira.

Pabwalo, chipanda choyamba chinaperekedwa kwa Kalisto monga mwa udindo wake. Mowa wa a Nangondo unkadziwika kuti umakhala wosalala pamwamba, koma m'chipanda chimenecho munali thovu loyera lokwera mpaka m'milomo mwake. Kalisto analiuzira kumbali. Linabwerera. Analiuziranso, mowa n'kumadonthera pa buluku. Anakhala nthawi yaitali akuchiyang'ana, anthu onse akuyang'ana iye. Kenaka anadzuka, napita pakati pa bwalo, nagwada, n'kuthira mowawo pansi pang'onopang'ono mpaka chipanda chinauma.

"Laimoni, mnzanga," anatero. "Imwa, ugone."

Kanali koyamba dzinalo kumveka poyera chichokere galimoto ija, ndipo linatuluka m'kamwa mwa munthu amene onse ankamuopa. Mayi wina wachikulire anayamba kusisima chapansipansi, anzake n'kumugwira. Amalume aja anavula chipewa. Mowa unayamba kuyenda, ndipo m'zipanda zina zonse unali wosalala monga mwa nthawi zonse.

Anthu akumwa, a Nangondo anakokera Stelia kuseri kwa nyumba. Anamuvula mpango, nameta ndi lezala katsitsi ka pankhongo pokha, pamalo poti mpango ubise. Anamuuza kuti banja la a Ngondo lilibe naye mangawa, anawasungira mwana wawo bwino ali moyo ndiponso atapita, tsopano njira ya ku Matope ndi yotsekuka, ndipo akapeza mwamuna akwatiwe, asayang'ane m'mbuyo. Stelia analira mopanda mawu, nkhope ataibisa m'chifuwa mwa mlamu wake. Patapita sabata anakwera lole ya mbatatesi kutsikira kwawo.

Mudzi unadikira galimoto mwezi wathunthu, koma sinabwere. Kalisto sanakanene kulikonse. Anasiya kumwa mowa, ndipo akakumana ndi a Nangondo panjira ankapatuka n'kuvula chipewa. Patapita zaka ziwiri nayenso anatengedwa, pa nkhani ya mkangano wa m'chipani momwemo. Iye anabwerako, mano akutsogolo atatha, ndipo anakhala moyo wake wotsala akuweta mbuzi. A Nangondo sanadziwe ngati anathira mowa uja chifukwa cha chikondi kapena chifukwa cha mantha a munthu wodziwa chimene anachita. Nthawi zina ankakhulupirira ichi, nthawi zina icho. Sanamufunse.

Mbiri inayenda mwa njira yake. Kamodzikamodzi kunkabwera mayi wochokera kutali, wina wa ku Matope, wina wa kumalire, n'kukhala pamwala, n'kuzungulira nkhani mpaka kufika ponena kuti akufuna mowa wa dima, koma dima lake ngati lija. A Nangondo ankamanga chipande m'nsalu n'kupita. Pa maulendo onsewo ankaika phale pambali pa mafuwa, ndipo ankaliyang'anitsitsa. Thovu linkatukuka pakati pa mgolo, la m'phale linkakhala momwemo mpaka kuphwa lokha n'kusiya madzi achikasu. Sanaonenso chachilendo chilichonse.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu othawa anadzaza m'midzi ndi m'misasa ya kuchigwa. Ambiri ankakwera kumapiri kufuna ganyu. Mayi wina wotero anagwira ntchito kwa a Nangondo masiku angapo, kusinja ndi kutunga madzi. Tsiku lina akupuma pansi pa mitengo ya manachesi, mayiyo anati mitengo imeneyi ikumukumbutsa munthu wina wa kumudzi kwawo, kuseri kwa Zobuwe. Anati munthuyo anangotulukira zaka zambiri zapitazo, wodwala, mutu wosayenda bwino, wolankhula Chichewa cha kuno. Sankadziwa kumene anachokera, kapena sankafuna kunena. Anthu anamusunga chifukwa anali ndi dzanja lodabwitsa pa kulumikiza mitengo ya zipatso, ndipo mpeni ankagwirira kumanzere. Dzina lake lenileni palibe ankalidziwa. Ankangomuitana Ngondo, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatembenukira.

A Nangondo anafunsa kuti ali kuti tsopano. Mayiyo anati tsiku limene mudzi unatenthedwa aliyense anathawira kwake. Mwina anawoloka, mwina ayi.

M'mawa mwake anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kutsika wapansi kupita ku msasa wa m'mbali mwa Lisungwi. Anali atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndipo kutentha kwa kuchigwa kunawafooketsa. Anayenda pakati pa timisasa ta udzu ndi malona, anaima pambali pa mizere ya anthu olandira ufa, akuyang'ana manja a amuna m'malo mwa nkhope zawo. A Ngondo anapezeka ambiri, pakuti mfunda umenewo uli mbali zonse ziwiri za malire. Amanzere anapezekanso. Mmodzi mwa iwo a Nangondo anamutsatira kuchokera kumjigo mpaka pakhomo pake, koma atatembenuka anali mnyamata woti n'kukhala mdzukulu wawo. Anagona kwa mayi wina wachifundo, nafunafunanso tsiku lotsatira, kenaka anabwerera.

Nkhaniyi anauza mwana wawo wamkazi yekha, patapita nthawi, ndipo anamulumbiritsa kuti asaifikitse ku Matope. Anati chimene chinkawasowetsa tulo sichinali kuti mwina anasudzula mkazi wa munthu wamoyo. Chinali chakuti, ngati mlongo wawo anali kuseri kwa Zobuwe akulumikiza mitengo tsiku la chiperoni lija, ndiye kuti amene anamuitana kuti adye, n'kumudyetsa tsiku lonse ndi dzanja lawo, anali wina.

Kufulula anasiya chaka chomwecho. Kuchipatala cha ku Magaleta, dokotala wachinyamata wochokera kumpoto anawauza kuti utsi ndi umene wawatha maso, ndipo anthu anavomereza kuti chifukwa chake n'chimenecho.

A Nangondo anakumana ndi Stelia kamodzi kokha pambuyo pake, ku Zalewa, akupita ndi mwana wawo ku Blantyre kukapimitsa maso. Stelia anali atanenepa, akugulitsa nsomba zouma pambali pa msewu, ana atatu akumuthandiza, wamng'ono ali ndi mphuno ya bambo ake, msodzi wa pa Shire. Anawazindikira ndi iyeyo, nawathamangira, nawakhazika pamthunzi, nawamangira nsomba zambiri m'pepala osalola kuti akane. Anafunsa za kumapiri, za amalume, za mitengo ija. A Nangondo anamugwira dzanja nthawi yaitali. Anamuuza kuti amalume anapita, mitengo ikubereka, koma chaka chino chisanu chinanyanya ndipo mbatatesi zambiri zinawolera m'munda. Basi itafika anakwera.

A Nangondo anamwalira m'chaka cha chilala chachikulu, mwezi wa Okutobala, mitsinje itauma mpaka ana ankawoloka Lisungwi osavula nsapato. Nthaka ya kumanda inali youma ngati mwala, ndipo adzukulu anakumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akusinthana makasu.